Kiyi wa pule ya chigayo

Chigayo cha amalume chinali kuseri kwa nyumba yathu, m'mbali mwa njira yopita ku Mishoni ya Domasi. Wochisamala anali amuna anga. Pamudzi pathu anali mkamwini chabe, koma pa zitsulo panalibe wowaposa. Ankaitanidwa ku Liwonde, ku Ntaja, kukakonza zigayo za eni, n'kugona konko masiku. Matenda aja anakawatenga kumeneko. Zaka zimenezo sitinkawatchula dzina, tinkangoti munthu akuwonda. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinali wokwiya, ndisaname. Phala ndinkawaphikira, kusamba ndinkawasambitsa, koma mumtima munali moto.

Atagona pamphasa osathanso kuyenda, chowasangalatsa chinatsala chimodzi, kumva chigayo chikulira. Ali chigonere ankatha kundiuza kuti lamba wakhwepa, kapena kuti amene akugayitsa panoyu wabwera ndi mphale yosauma. Ankati, "Chikamalira chija, mayi, ndimadziwa kuti ndikadalipo."

Tsiku lina nthawi yokolola chigayo chinayamba kugogoda, amalume n'kuzimitsa injini. Amayi odzagayitsa anatula madengu awo pansi pa mtengo wa mango. Amuna anga anati, "Ndi kiyi wa pule ameneyo. Ndinyamuleni." Pule ndi gudumu lachitsulo lomwe lamba amazungulirapo. Limalowa pa shafuti, chitsulo chachitali chozunguza chigayo, ndipo chozigwiritsa pamodzi ziwirizi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, konenepa kumutu, kochepa kunsonga, kokhomera ndi hamala. Kiyi ndi kameneko.

Amalume anawakweza panjinga n'kuwakankha, tinakawakhazika pa thumba la gaga. Amuna anga atagwira hamala, inawapulumuka m'manja. Amalume nawo maso anali atachita ng'ala. Ndiye amuna angawo anandiyang'ana ine.

"Mayi, bwerani kuno. Manja ozolowera munsi hamala siingawakanike."

Anandilozera polowetsa tchizulo, kuseri kwa mutu wa kiyi. Ndinagogoda pang'onopang'ono mpaka anatuluka, wodyeka mbali yonse. M'chitini chawo anatulutsamo watsopano, wonenepako pang'ono. Anayatsitsa koloboyi dzuwa lili phwee, n'kudetsa kiyiyo ndi mwaye. Ine ndimulowetse pang'ono, ndimutulutse, iwo ayang'ane pomwe mwaye wachoka, apale pamenepo ndi tupa. Kupala ankapala okha, sanalole. Akakhwekhwereza kawiri, apume, atsokomole. Tinabwereza kasanu, ine mtima uli m'mwamba. Ndinati, "Kodi tigona pano?" Anangoseka. "Chitsulo sachiumiriza, mayi. Ndi chamakani ngati inu nomwe."

Mwaye utachoka mofanana mbali yonse, anati, "Tsopano khomani, koma muzimvetsera. Akamalowa amalira mogontha. Akafika pake amalira nge! Mukamva zimenezo mulekere pomwepo, osawonjezera."

Ndinakhoma kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi analira nge, ndinamva bwinobwino ndi makutu angawa. Iwo anati, "Basi." Nthawi yomweyo pansi pa mango paja mayi wina ananena, mokweza dala, "Zigayo za ku Liwonde zawamaliza abambowa." Anzake anaseka chapansipansi, ena n'kumuletsa. Mayo ine! Zonse zimene ndinameza chaka chathunthu zinakwera m'dzanja. Ndinakweza hamala n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse.

Pule inang'aluka. Mng'alu wake unali wowonda ngati tsitsi, kuchokera pa kiyi kupita kunja. Amuna anga anayendetsapo chala, kenako n'kutembenukira kwa amalume. "Chitsulochi chinali chotopa kale, amalume. Si mayiwa ayi." Linali bodza. Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa. Sanandiyang'ane. Anakulunga tupa yawo m'kansanza n'kupempha kuti awabweze kunyumba.

Pule yong'aluka sailizitsa, ikhoza kuphulika n'kupha munthu. Amalume anakwera minibasi kawiri kupita ku Limbe, ya muyezo wake osaipeza. Anthu anayamba kukagayitsa ku Songani. Kuseri kwa nyumba kunangoti zii. M'mawa uliwonse ndikamawatsegulira zenera ankafunsa, "Yabwera?" Ine ndinkati, "Akuti mawa." Sabata yachitatu analeka kufunsa.

Ndinkafuna kupepesa, Mulungu ndi mboni. Ndinkalowa ndi phala mawu ali pakamwa, koma ndikawaona mmene athera, ndinkangoti, "Imwani lisanazizire." Ine pakamwa sindichedwa, mudzi wonse ukundidziwa, koma mawu awiri okha, "Pepani bambo," anandikanika. Anatisiya Lachitatu masana, kuli chete moti ndinkamva nkhunda zikuyenda padenga.

Pule inabwera patatha sabata chiikireni maliro. Amalume anaitana mmisiri wina wa ku Songani. Iye atatenga kiyi uja anamutembenuzatembenuza n'kunena kuti amene anapala ameneyu ankaidziwa ntchito, ndipo anamukhoma yemweyo, kungopalako pang'ono. Ine sindinapiteko. Ndinali pabwalo, ndikupeta mpunga.

Injini itatsokomola n'kugwira moto, chigayo n'kuyamba kulira, ndinaponya lichero pansi, mpunga mbwee, nkhuku n'kuthamangira. Ndinathamangira m'nyumba ndikufuula, "Bambo! Bambo, mwamva? Chalira!" Ndinakankha chitseko. Mphasa yawo inali itapindidwa, itaimikidwa pakona.