Madzi oyera a Dona Isménia

Ku Nhartanda kuno, ukangodandaula kufooka pamaso pa Dona Isménia, dziwa kuti uchoka ndi masamba a chamwamba m'manja. Mayiwa anachokera ku Angónia ali mtsikana, mtengowu anaudziwira kuno kotentha, koma amaukamba ngati anabadwa nawo. Masamba amayanika pamthunzi, ati dzuwa la Tete limawalanda mphamvu, kenako amasinja n'kumathira m'phala. Ine woyandikana nawo nyumba ndinkawaseka kuti tsiku lina adzaphuka masamba m'makutu. Komatu sankanama. Mpongozi wanga atachira, ali wotumbuluka ngati phulusa, masamba omwewa anathandiza kuti abwerere m'thupi.

Mvula itakula chaka chatha, mipopi inauma masabata awiri. Tinayamba kutunga ku Zambezi madzi ofiira ngati thobwa. Dona Isménia anatiitana pakhomo pawo, anasinja njere zouma za chamwamba n'kuzivundulira m'ndowa. Patapita nthawi matope onse anadikha pansi, pamwamba madzi ali mbee! Tonse tinagwira pakamwa. Ine ndinachita kuviikamo chala, kuganiza kuti maso akundinamiza.

"Nanga kuwiritsa, Dona?" ndinafunsa.

"Vizinya, aneba anga inu, kutentha konseku muyatsenso makala? Mukuonamo chiyani m'madzimu?"

Sindinaonemo kanthu, ndiye ndinangowavomereza. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinatero.

M'nyumbamo munali mdzukulu wawo Yara, wazaka zitatu, amene mayi ake amagwira ntchito ku Moatize. Tsiku lachitatu tikumwa madziwo, mwana uja anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Agogo ake anamuwiritsira masamba a gwafa, osaphula kanthu. Pofika masana maso anali atalowa, khosi lili lende, kulira komwe atasiya. Mwana amene dzulo lake ankathamangitsa abakha anga! Ndinamubereka ndekha n'kuthamanga naye kuchipatala, Dona Isménia ali pambuyo opanda nsapato.

Namwino atamuika mwanayo diripi, anafunsa za madzi amene timamwa. Dona Isménia anafotokoza zonse, ngakhale pang'ono mtima osawatsutsa.

"Amayi," anatero namwinoyo, "njerezo zimachotsa matope, koma tizilombo tina timatsala. Madziwo munayenera kuwiritsabe."

Dona Isménia anangokhala pansi pasimenti pomwepo.

"Ndiye kuti ndamumwetsa ndekha? Ine? Ndinkamukakamiza kuti amalize kapu yonse!"

Inenso ndinali nditamwetsa ana anga madzi omwewo.

Yara anapulumuka, koma anatuluka patatha masiku anayi ali mafupa okhaokha. Namwino anati azidya phala pafupipafupi, lothira nsinjiro ndi ufa wa chamwamba womwewo, poti masambawo sanalakwe kanthu.

M'mawa mwake ndinawapeza Dona Isménia ataphika phalalo, botolo la ufa lili potsegula, supuni ili m'manja. Anaima choncho mpaka phala linayamba kuzizira, mwana ali pamphasa akudikira. Mayi amene analimbitsa theka la anthu a m'bairo yathu, dera lathu lino, ndi ufa umenewu ankalephera kuuthira m'phala la mdzukulu wawo.

Kenaka anandipatsa supuni ija.

"Thirani ndinu, vizinya, mumudyetsenso ndinu. Ine manja angawa sindikuwakhulupiriranso."