Tsiku Limene Netiweki Inafa ku Ntaja

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yanga inali kusamala chipinda chimodzi ku Liwonde. Munali maseva anayi a bungwe lina lothandiza alimi, momwe tinkasungamo maina a anthu ndi minda yawo, kuyambira kwa Nsamala mpaka kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Kunja phula likusungunuka ndi dzuwa la Okutobala, ine m'katimo ndinkavala juzi. Waya aliyense ndinamumata kapepala kolemba ndekha. Makina akayamba kudwala ndinkamva ndi khutu, fani ikangosintha kaliridwe.

Kenako kunabwera injiniya wochokera kulikulu, bambo waulemu ndithu. Anandifotokozera kuti maseva athuwo asanduka mapulogalamu okhala m'makina akuluakulu akutali, ndipo netiweki ya maofesi onse azidzailamulira iwo pa kompyuta ali kulikulu komweko.

"Nanga chikawonongeka ndidzagwira pati?" ndinafunsa.

"Simudzagwiranso kanthu, achemwali. Ubwino wake ndi umenewo."

Patapita miyezi ingapo, pa tsiku logawa mbewu, a ku ofesi ya ku Ntaja anandiimbira kuti kumeneko zonse zaima. Popanda netiweki sakanatha kuona dzina la mlimi aliyense, ndiye mbewu sizikanatuluka. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza. Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, ena anapalasa njinga kuchokera kunyanja, mitambo yakuda itayamba kale kusonkhana.

Ndinagwada pansi pa tebulo n'kuyesa waya mmodzimmodzi. Onse anali bwino. Timagetsi tonse tinkayaka mobiriwira. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinasintha waya yemwe analibe vuto, kuti anthu angoona kuti ndikuchitapo kanthu. Nditayesa kulowa m'kabokosi ka netiweki ndi mawu anga achinsinsi, kanandikana. Kiyi wake sanalinso wanga.

Mayi wina wachikulire, mpango wake utanyowa ndi thukuta, anasuzumira pazenera.

"Mwanangu, akuti mwabwera ndinu okonza. Tidikire kapena tizipita?"

"Dikirani pang'ono, amayi."

"Pang'ono pake mpaka liti? Mvula sidikira."

Ndinaimbira kulikulu. Injiniya uja sankayankha foni, anali pamsonkhano. Adhana ya masana inamveka kumzikiti, amuna ambiri ananyamuka, ena osabweranso. Mayi aja nawo ndinawaona akumanga thumba lopanda kanthu m'chiuno n'kutuluka pageti.

Cha m'ma fili koloko injiniya anaimba. Ndinkamva zala zake zikugogoda pa kompyuta.

"Aa, pepani. Pali mzere umodzi wa malamulo oyendetsera netiweki womwe tinasintha dzulo, unatseka Ntaja mwangozi. Tayesani tsopano."

Zinatheka nthawi yomweyo. Anzanga a muofesi anandiombera m'manja, ine ndinachita manyazi mpaka kulephera kuwayang'ana.

Ntchito sanandichotse, iyayi. Maseva aja anawanyamula pa lole, chipinda chija anaikamo mipando yothyoka, ine anandipatsa desiki ndi maphunziro a pa intaneti. Ndikuphunzira kulemba malamulo amene aja, ndipo sindinama, zina zimandisangalatsa: ntchito yomwe inkanditengera sabata yathunthu imatha ndisanamalize kumwa tiyi. Koma sabata yatha anandilola koyamba kusintha mzere wokhudza ofesi ya ku Balaka. Ndinauwerenga kasanu. Kenako ndinaimbira mlonda wa kumeneko, ndinamufunsa ngati panja pali anthu. Anadabwa, anati alipo ambiri. Ndinatseka laputopu, ndinadikira mpaka onse atathandizidwa.