Botolo ndinayamba kuliona ndine

Mwaswera nonse? Imvani zandionekera lero.

Madzi adzulo agumula gombe kumunsi kwa dimba langa. M'mawa ndikukaona mbatata, ndinapeza khosi la botolo litasuzumira m'matope. Ndinayesa mankhwala okwirira, ndiye ndinalambalala uku ndikupemphera.

Masana nditawauza alamu anga aNaphiri, anakalikumba. Ndi garafau, botolo lalikulu lobiriwira, lodzaza mikanda, zija ankakwirira anthu pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Mikanda yeniyeni, yonga ya malemu amayi, osati mapulasitiki a ku mercado, msika wa ku Furancungo, oduka usanafike kunyumba.

Pano alikhazika pakhonde, anthu akubwera pa mota, njinga zamoto zija, kudzajambula. Ine anditapira m'kachivindikiro, ati, "Iyi ndi ya pemphero lanu, alamu."

Ndinalandira ndikuseka, koma mtima ukuwawa. Ndiuzeni abale, gombelo ndi la dimba langa, mantha okha angandimanitse gawo?