Shawelo ya Hannah ndi Bulangete Langa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mwana wa mlongo wanga chifukwa cha mlandu wa mayi amene anamwalira agogo anga asanabadwe n'komwe. Musaseke msanga, malo osekera ali kutsogoloku.

Ndine telala. Zaka makumi atatu ndinapalasa makina pakhonde la sitolo ku Kasungu, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 4, osati chifukwa cha umbuli, aphunzitsi ndi amene sankandimvetsa. Chaka chimene kwathu tinasintha boma chija, Limbani, mwana wa mlongo wangayo, ananditumizira tikiti ya ndege. Iye anaphunzira za mankhwala ku Birmingham, ntchito ankagwira pachipatala china ku Wolverhampton, ndipo anali atapeza mbeta yachizungu dzina lake Joanne. Ankafuna chinkhoswe chenicheni, chokhala ndi malume. Malumewo ndi ine.

Tsono kwathu ankhoswe savomera mkazi asanafufuze mtundu wake. Umafunsa oyandikana nawo: kubanja kumeneku kulibe misala? Kulibe ufiti? Nanga dzanja lalitali? Koma ku Selly Oak kumene tinkakhala ndikanafunsa ndani, poti munthu wa khomo linalo sadziwa ngakhale dzina lako? Ndinaganiza zokafunsa eni ake. Lamlungu lina tinakwera basi kupita ku Nechells kwa mayi Pat, amayi ake a Joanne, munthu woseka ndi thupi lonse. Atatipatsa tiyi ndinauza Limbani kuti amasulire funso langa mwaulemu: kodi mumtundu mwawo munali ndani wodziwika?

Mayiwo anakondwa ngati ndawapatsa mphatso. Anabwera ndi kachitini ka mabisiketi n'kutulutsamo khobidi lakalekale, lopalidwa mpaka nkhope ya mfumu inafufutika, pamalo pakepo atazokotapo tizilembo tokhotakhota. Anati linali la Hannah, agogo a agogo awo. Hannah ankagwira ntchito kufakitale ya mabatani mumzinda womwewu wa Birmingham. Mwamuna atamuthawa, nyengo yachisanu inamupeza ali ndi khanda lotsokomola, ndipo anaba shawelo pamalo ogulitsa zovala. Anamugwira, khoti n'kulamula kuti akakhale kaidi zaka zisanu ndi ziwiri ku Australia. Khandalo, Mary, linatsala ndi mchemwali wake. Ali m'ndende kudikira chombo, Hannah anapala khobidilo n'kupempha mnzake kuti azokotepo dzina la mwanayo. Kuyambira pamenepo lakhala likuyenda mwa ana aakazi okhaokha.

Pa zonsezi ine ndinamvapo liwu limodzi: kuba. Kukanakhala kuchimuna bwenzi ndikupepukidwa, koma uku kunali kuchikazi, kumene ife Achewa timati ndiko kuli mtundu. Mayi kupatsira mwana, mwana kupatsira mdzukulu, mpaka kudzafika kwa Joanne. Ndiye umboni akuusunga m'kachitini, n'kumaonetsa alendo.

Pobwerera m'basi ndinauza Limbani kuti sindivomera. Anati, "Malume, muli siriyasi? Zapita zaka zoposa handiredi." Ndinamuyankha kuti magazi alibe kalendala.

Joanne akabwera kunyumba ndinayamba timasewera tanga. Ndinkavula wotchi n'kuibisa m'sokosi iye akuona. Sutikesi ndinaigulira loko wamkulu ngati wa pagolosale. Akapita kukhitchini ndinkamutsatira ndikuimba mluzu. Ine ndinkati ndi nthabwala, koma mtsikanayo anasiya kuseka, kenako anasiya kubwera. Limbani anaonda. Anandiuza kuti popanda ine chinkhoswe sichichitika, koma akataya Joanne sadzandilankhulanso mpaka kumanda.

Kenako chisanu chinafika. Inu amene mumati ku Dedza kumazizira, khalani chete. Hita ya m'nyumba ya Limbani inkangolira osatentha. Ine ndinkaswera pampando nditadzikulunga m'bulangete langa lobiriwira, mano akuombana.

Loweruka lina masana Joanne anabwera kudzabweza mphete. Anandipeza momwemo, maso okha ali panja. Anandipatsa moni, pakuti mwambo anali nawo kuposa ine. Kenako anagwira nsonga ya bulangetelo n'kuwerenga kansalu kosokeredwa pamenepo. Chichewa chake chinali cha mawu owerengeka, koma tsiku limenelo chinakwana.

"Malume, bulangete ili munagula kuti?"

Ndinati ndi mphatso.

"Ya ndani?"

Limbani anasendera kudzawerenga naye. Panali dzina la kampani ya ndege, ndi mawu oletsa kutuluka nalo m'ndegemo. "Aa, malume," anatero, "munangolipinda n'kuponya m'chikwama?"

Ndinati aliyense ankapatsidwa lakelake, komanso ndinali nditamva kuti kuno kumazizira.

"Hannah nayenso, kuzizira," anatero Joanne. "Koma iye, mwana."

Anasiya mphete patebulo n'kutuluka.

Ndinatuluka thukuta koyamba chifikireni ku Mangalande. Ndinakumbukira zambiri. Telala aliyense amadziwa kumene imapita nsalu yotsala, kasitomala akabweretsa mamita atatu pa diresi ya mamita awiri. Ana anga onse anakula akuvala zotsala za anthu. Limbani yemweyo kabudula wake woyamba wa kusukulu anachokera pansalu ya a sajeni ena apolisi. Ndikanabadwira kuno nthawi ya Hannah, bwenzi oyendetsa chombo akundidziwa ndi dzina.

M'mawa mwake ndinavala suti yosoka ndekha n'kukagula nkhuku yopepesera. Yamoyo kuno kulibe. Ndinanyamula youma ngati mwala, yopanda mutu, m'jumbo. Ndinapita ndekha ku Nechells ndi Chingerezi changa cha pakhonde, n'kugwada pakhomo la fulati yawo. Mayi Pat anayesa ndaterereka. Joanne atawafotokozera, anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anandiuza mbali imene sindinadikire kumva tsiku loyamba lija.

Hannah anamaliza zaka zake akuchapa zovala za ena. Atamasulidwa anagula singano ndi ulusi n'kuyamba kusoka, mpaka anakhala ndi kasitolo kake ndi atsikana owaphunzitsa ntchito. Kwawo sanabwerereko, Mary sanamuonenso. Koma atakalamba anatumiza phukusi kudzera mwa munthu wa pachombo. Munali shawelo yopanga ndi manja ake, ya mdzukulu amene sanamuonepo.

Telala mnzanga. Miyezi yonseyi ndinkabisira wotchi mdzukulu wa telala mnzanga.

Joanne mphete anaitenganso, koma osati tsiku lomwelo. Anandisiya ndivutike kaye sabata ziwiri, ndipo anachita bwino.

Pachinkhoswe ndinaimirira m'holo ya kutchalitchi pamaso pa Amalawi ndi Azambia amene anabwera kuchokera ku Coventry mpaka ku Wolverhampton. Ndinati mtundu ndaufufuza, ndipo ndapezamo mayi amene anamulanda dziko ndi mwana, koma anakanika kumulanda manja. Ndinati banja lathu lakwera pokwatira kumeneku. Diresi imene mpongozi wanga anavala ndinasoka ndine, ndipo nsalu yotsala ndinabweza yonse. Mayi Pat ndi mboni.

Mwana wawo woyamba ndi wamkazi. Dzina lake ndi Hannah, ndipo amene analipempha ndi ine. Khobidi lija lidzakhala lake. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, koma nkhani ya agogo ake osoka amaidziwa, ndipo ndikamaifotokoza ndimatukula chifuwa ngati anali agogo anga.

Tsono inu amalume anzanga amene ana akukuitanani kunja kuno, fufuzani ndithu, mwambowu ndi wabwino. Koma mukamva kuti wina anaba, funsaninso kuti anaba chiyani, anabera ndani, ndipo pambuyo pake anakhala munthu wotani. Ine ndinafunsa funso limodzi n'kutseka makutu, mtsikana wosalakwa n'kulira miyezi iwiri. Pamenepo palibe chigamba chimene ndingaike. Ndipo musanayambe kuweruza mtundu wa eni, yang'anani kaye chimene mwafunda.

Bulangete lija ndinalichapa, ndinalisita, ndipo paulendo wanga woyamba wokaona kumudzi ndinalisiya pampando wa m'ndege, lopinda bwino. Kasipuni kawo kamene ndinatengera limodzi ndi bulangetelo ndi kokha kamene ndikukaganizirabe.