Mkazi Wochapa Malaya a Magazi

Zaka zimene ndinali ndi saluni pafupi ndi msika wa Mangochi, TV inkagwira ntchito kuposa ine. Magetsi akangokhalapo masana, azimayi ankadzaza benchi kudzaonera filimu ya apolisi, ambiri osaluka tsitsi n'komwe. Ndinatopa nawo, koma ungawathamangitse bwanji anthu amene umapemphera nawo mzikiti umodzi?

Mufilimuyo mwamuna anapha mnzake wa bizinesi. Mkazi wake anachapa malaya a magazi, n'kunamiza apolisi kuti bambo anagona pakhomo, chonsecho bamboyo anali ndi chibwenzi kuseri. Tonse tinkamunena mkaziyo kuti ndi chitsiru, kupatula mnzanga wina wogulitsa usipa wouma. Iye ankangoti, "Musiyeni, akudziwa chimene akuchita."

Mwamuna wa mnzangayu anapita ku Joni kalekale. Anamusiyira mayi ake ofa ziwalo mbali imodzi, ndipo mnzangayo ndiye ankawasambitsa ndi kuwadyetsa. Benchi yonse inkadziwa kuti mwamunayo anakwatira wina kumeneko, chifukwa obwera kudzadya Idi sasunga pakamwa. Komabe palibe ankamuuza. Mwamunayo sanamupatse talaka, mawu omusudzula, choncho sakanakwatiwanso. Zaka zinkangopita, utsikana wake ukuthera pa beseni.

Tsiku lina apolisi a mufilimu akumupanikiza mkazi uja, mnzanga anamuikiranso kumbuyo. Mtima unandipsa. Ndinazimitsa TV, chipeso chili m'manja.

"Achemwali, inu ndi mkazi ameneyu simusiyana. Amuna anu anakwatira ku Joni. Pitani kwa ashehe akakumasuleni."

Ndinkayembekeza misozi, kapena mbama.

Iye anangokonza mpango wake. "Ndinamva kale. Anandiuza ndi apongozi anga omwe, akulira, asanasiye kuyankhula."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Ana awo aakazi ali kutauni, foni sayankha. Ndikachoka ine, mawa awatembenuza ndani pamphasa?"

Ndinayatsanso TV, osati chifukwa ndinkafuna kuonera. Iye sanadikire kuti filimu ithe, anati nthawi yowamwetsa phala yakwana.

Anawasamalabe apongozi akewo mpaka anamwalira. Mwamunayo sanabwere kumaliro, akuti mapepala ake sanali bwino. Mnzangayo anaphika pa sadaka ya maliro mpaka maso kufiira ndi utsi, ine ndikumuthandiza kutsuka mapoto ndi mkwiyo wanga. Sadaka itangotha, mwamunayo anaimba foni n'kumupatsa talaka.