Nsalu ya Kunja

Chaka chomwe dziko lathu linalowa m'bungwe la malonda ndi maiko oyandikana nalo, ine ndinali mtolankhani ku Kabwe. Ndinkagona ku Bwacha, chipinda chimodzi ndi msuweni wanga amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu. Tonse awiri tinkafuna mtsikana mmodzi, woimba kwaya ku tchalitchi kwathu, mwana wa mayi wina wamasiye wa ku Kamushanga. Mtsikanayo sanakane aliyense wa ife. Ankangoti mawu ali ndi amayi ake.

Nkhani ya bungwelo ndinailemba ndi dzanja langa. Msonkho wa pamalire unali woti utsike, ndipo katundu wa dziko lililonse apikisane ndi wa anzake pamsika umodzi. Nsalu yathu inali yodula. Choncho Boma linayamba kuthira ndalama m'fakitale kuti mtengo utsike kumisika ya anansi. Anthu ankati sabuside. Zotsatira zake zinkaoneka ndi maso: makina ankalira ndi Loweruka lomwe, mabelo a nsalu ankakwera sitima, m'masitolo a m'tauni munalibe nsalu ndi imodzi yomwe, ndipo msuweni wanga anagula nsapato zachikopa zolira poyenda.

Ine sabuside sinandifike. Jekete langa linali lomwe lija la pa ubatizo wa mng'ono wanga.

Antchito a pa fakitale ankaloledwa kugula motchipa zidutswa zomwe utoto unaphonya pang'ono. Tsiku lina msuweni anabwera ndi chitenje chobiriwira, cha maluwa achikasu, n'kuchiyala pa bedi langa.

"Ba mtolankhani, gwirako. Koma usambe kaye m'manja, inki imeneyo."

"Nsalu iyi ndi msonkho wanga," ndinatero. "Ulusi uliwonse ndalipira ndine."

"Zikomo, msuweni. Iwe uzilipira, ine ndizikapereka ku Kamushanga."

Lamulungu lotsatira titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwa amayi aja, nyuzipepala ili m'khwapa. Ndinawapeza atavala chitenje chija, ali pabwalo ndi anzawo a chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi. Aliyense ankachigwira ndi nsonga za zala. Mtsikanayo anandipatsa mpando, maso ake ali pa maluwa achikasu. Ine ndinali nditaona kale pomwe utoto unadumpha mzere, cha m'munsi kumanzere, ndipo mtima unkandiwawa kuti palibe wina akupaona.

"Mwaiona, mwana wanga?" anatero amayiwo. "Msuweni wanu ndi munthu."

"Amayi," ndinayamba, "nsalu imeneyo ndi ya kunja."

Ndinkatanthauza kuti inapangidwira msika wa kunja, ogula akumeneko akanaikana, ndiye yatsalira ife. Ndinali ndi zonse pakamwa, mpaka za msonkho. Koma zaka zimenezo mawu oti "ya kunja" anali ndi tanthauzo limodzi lokha: chinthu chochokera kutali, chobwera ndi anthu okwera ndege.

"Ya kunja!" Amayiwo anaimirira. "Mwamva, anzanga? Ndipo iye osanena, kungoti kansalu ka kuntchito. Kudzichepetsa kwake mwanayu!"

"Ayi amayi, ndikuti yopita kunja, osati..."

"Yopita, yobwera, kunja n'kumodzi," anadula mayi wina wonenepa, akununkhiza mpendero. "Ndi fungo lomwe si la kuno."

Fungolo linali la Kabwe weniweni. Fakitale ikanaoneka tikanakwera padenga.

Sabata isanathe Kamushanga yense anadziwa kuti mayi wamasiye uja wavekedwa nsalu ya kunja, ndipo wotsutsa ankauzidwa kuti wa nyuzipepala watsimikiza yekha. Amayiwo anatuma mawu kwa amalume athu kuti abwere adzakambirane za ukwati. Amalume atafika kuchokera ku Makandanyama anatiyang'ana tonse awiri, n'kufunsa kuti mwini nkhani ndani.

Msuweni anaimirira, nsapato zikulira. Ine ndinatumidwa kukagula chibuku.