Miyendo ya Desiki ya Amayi

Lisiti lake ndikadali nalo. Ndi kapepala kobiriwira, kodindidwa pa Mponela, ndipo palembedwa kuti desiki imodzi ya mlombwa, mpando umodzi wakale. Mtengo unafufutika, koma dzina la amayi likuoneka bwinobwino. Ndimasunga mapepala chifukwa anthu a kwathu ku Dzoole sachedwa kuiwala. Ena lero amati katunduyo anali wa atsibweni. Limenelo ndi bodza.

Inali nyengo yogulitsa fodya, matipate atangobwera kumene. Alimi wamba anali ataloledwa kulima fodya wa bale, ndipo kalabu ya m'mudzi mwathu inasankha amayi kukhala mlembi, poti ndiwo ankalemba zowerengeka. Amayi anati ntchito yotere imafuna polembera. Ine ndinawaperekeza kukagula.

Pa desiki sanalole kunyengedwa. Kalipentala anawaonetsa ya bulugama, yotchipa, yonyezimira vanishi. Amayi anaikanda kunsi ndi chikhadabo, n'kununkhiza. "Iyi njaiwisi, ipindika mvula isanathe." Anatenga ya mlombwa, yolemera ngati ng'ombe, yoti chiswe chimangoilambalala. Ndalama zinatsala zochepa, choncho mpando tinafuna wogwiritsidwapo kale ntchito. Tinaupeza pakhonde la kalipentala yemweyo, wozungulira, wa timatayala, wochokera mu ofesi yomwe inatsekedwa. Siponji inkatuluka m'mbali, ndipo munthu akatembenuka unkalira ngati khoswe. Amayi anakhalapo, anazungulira kamodzi, n'kuseka atagwira pakamwa.

Tinafika kwathu pa ngolo. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu, ndiwo anayamba kuukhalira, ndipo anazungulira mpaka chizungulire. Kwathu mwamuna akalowa m'nyumba, mayi amapereka mpando n'kutsikira pamphasa. Palibe amachita kulamula. Koma ntchito ya mlembi wa kalabu ndi yolandira amuna kuyambira m'mawa. Aliyense wodzalembetsa mabelo ake ankangolunjika pampandopo, zovala zikununkha fodya, timatayala tikukumba pansi pomwe amayi ankazira Loweruka lililonse. Amayi kuimirira sakanatha, poti kuimirira akuluakulu atakhala ndi chipongwe. Ankagwada pambali pa desiki, chibwano chitatsala pang'ono kugunda thabwa, chigongono chili m'mwamba, n'kumalemba choncho.

Zilembo zawo zinayamba kukhota. Tsiku lina nambala ya belo la bambo wina sinawerengeke, ndipo pamsonkhano wa kalabu nkhani inabuka. "Mlembi wathu dzanja latopa. Bwanji buku lipite kwa achimwene awo, poti ofesi aizolowera kale?" Anthu anaseka. Atsibweni anangoti, "Mbumba ikatopa timaithandiza." Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Munthu woti dzina lake lomwe ankalemba akutuluka thukuta! Ndipo onse amene ankaseka aja anali atawaonapo amayi akulemba chogwada. Palibe ndi mmodzi yemwe ananenapo za mpando.

M'mawa mwake amayi anandituma kukabwereka sowo kwa aphunzitsi. Tinakokera desiki pabwalo n'kuigoneka chagada. Anayeza mwendo uliwonse ndi luzi, n'kulemba mzere ndi khala. Sowoyo inali yobuntha, ndipo mlombwa suchita chibwana. Utuchi wofiira unkagwera pamapazi anga, fungo lake lokoma likundilowa m'mphuno, m'manja mwa amayi mukutuluka matuza. Ine ndinalira. "Amayi, mukuiononga!" Anangoti, "Gwira bwino apo, isagwedere."

Masana kunabwera bambo wina ndi nambala zake. Anakhala pampando monga mwa nthawi zonse. Amayi anakhala pamphasa, miyendo itawongoledwa kunsi kwa desiki, msana uli chilili, ndipo zilembo zinabwerera mwakale. Buku silinachoke m'nyumba mwathu. Atsibweni atadzaona anapukusa mutu. "Mlongo, desiki yabwinobwino mwaipha." Anatero akuzungulira pampando paja.

Nyengo yonseyo ndinkachita manyazi, anzanga akamandinena kuti kwathu kuli desiki ya ana a kumkaka. Ndinkaganiza kuti amayi analakwitsa pogula, kuti akanasankha yaifupi ku Mponela komweko. Ndinali ndisanadziwe kuti kwa iwo kudula mlombwa ndi sowo yobuntha kunali kopepuka kusiyana ndi kuuza mwamuna mmodzi kuti, "Tadzukani, ndikhalepo ndilembe."